Valavu yomvera kompyuta: mayina ake, ntchito yake ndi amisiri a mawa a ku Phalombe

M'fakitale iliyonse yophika, yosungunula, yosefa kapena yosakaniza zinthu muli mapaipi, ndipo m'mapaipimo mumayenda madzi, nthunzi, mpweya, mafuta kapena mankhwala. Cholola kapena choletsa zimenezi kuyenda ndi valavu. Kale munthu ankaipotokola ndi manja. Lero m'mafakitale akuluakulu mavalavu ambiri amasunthidwa ndi kachipangizo kokhala ndi kompyuta yaing'ono m'kati mwake, komangiriridwa pa valavu pomwepo. Ena amakatcha digital valve controller, ena digital positioner, enanso smart positioner.

Mabuku a kachipangizoka, zolembedwa pa chitsulo chake ndi mauthenga amene kamaonetsa, zonse zili m'Chingerezi cha amisiri, chimene ngakhale wokhoza bwino mayeso a MSCE sangachimve msanga. Choncho pali mafunso awiri. Kodi mawu amenewa amanena chiyani kwenikweni, ndipo adachokera kuti? Nanga mmisiri wa kuno kwathu awaphunzire motani kuti asamangowaloweza, koma azidziwa chimene chikuchitika m'kati mwa chitsulocho?

Phalombe, madzi a m'phiri ndi mgodi wa Songwe

Boma la Phalombe, limene lidaima palokha mu 1998 litapatulidwa ku Mulanje, limadziwika ndi nandolo, mpendadzuwa, chimanga, fodya ndi mpunga wa m'madambo a nyanja ya Chilwa. Si boma la mafakitale. Komabe anthu ake akhala ndi mavalavu kwa zaka zoposa 40. Ntchito yokoka madzi m'mapiri ndi mapaipi popanda injini, imene idayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, idafika m'chigwa cha Phalombe m'zaka za m'ma 1970. Madzi amachokera m'mitsinje ya m'phiri n'kutsetsereka okha mpaka ku mipopi ya m'midzi. M'njiramo muli mavalavu otsekera nthambi ya paipi pokonza, otulutsira mpweya pamalo okwera, otsukira matope pamalo otsika, ndi a mpira woyandama m'mathanki. Namondwe wa Freddy atagumula mapaipi ambiri mu Marichi 2023, kufunika kwa anthu odziwa zimenezi kudaonekera poyera.

Chinthu china chokhudza mavalavu m'bomali ndi phiri la Songwe, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje, kumene kuli miyala ya rare earth yofunika popanga maginito a galimoto zamagetsi ndi makina opukusa magetsi ndi mphepo. Kampani ya Mkango Resources idamaliza kafukufuku wake wamkulu mu 2022, ndipo mu Julayi 2024 idasainirana ndi boma la Malawi mgwirizano wa mgodiwo. Miyala yotere imafunika kuphwanyidwa, kuperedwa, kusefedwa ndi kusungunulidwa ndi mankhwala amphamvu monga asidi. Fakitale yochita zimenezi kulikonse padziko imadalira mavalavu ochuluka olamulidwa ndi makina. Pafupi ndi Phalombe palinso mafakitale a tiyi a ku Mulanje ndi Thyolo, fakitale ya shuga ya ku Nchalo, ndi paipi ya Blantyre Water Board yotenga madzi a mtsinje wa Likhubula kupita kotsukira ku Nguludi. Konseku ntchito ya mavalavu ndi yolamulira nthunzi, kutentha ndi madzi.

Valavu ndi ziwalo zake

Control valve ndi valavu yosangotseguka kapena kutsekeka kotheratu, koma yotha kuima paliponse pakati. Ili ndi zigawo zitatu.

Choyamba ndi thupi la valavu, lolumikizidwa ku paipi. M'kati mwake muli chotsekera chotchedwa plug, chimene chimatsika n'kukhala pa mphete yotchedwa seat. Chotsekeracho chimalumikizidwa ku ndodo yachitsulo yotchedwa stem, imene imatulukira pamwamba. Pamene ndodo ikutulukira pali mphete zofewa zoithina kuti madzi asadonthe, ndipo zimenezi ndi packing.

Chachiwiri ndi actuator, chiwalo chokankha ndodoyo. Yofala kwambiri ndi chibokosi chozungulira chophwatalala chokhala pamwamba pa valavu. M'kati mwake muli chimbale cha labala ndi masipuling'i olimba. Mpweya wochokera ku kompuresa ukalowa mbali imodzi, umakankha chimbalecho ndipo ndodo imasuntha. Mpweya ukachepa, masipuling'i amabweza ndodo.

Chachitatu ndi positioner, kabokosi komangidwa pambali pa ndodo, kokhala ndi timageji tiwiri kapena titatu, timapaipi ta mpweya ndi mawaya awiri. Ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti ndodo yaima pamene yalamulidwa. Positioner ili ngati kapitawo wa pa esiteti amene sangofikitsa mawu a bwana n'kubwerera, koma amaima pomwepo mpaka ataona kuti ndime yatha monga adanenera. Digital valve controller ndi positioner yokhala ndi kompyuta.

Valavu sigwira ntchito yokha. Ili m'gulu la zipangizo zinayi zotumizirana uthenga mozungulira, zimene amisiri amazitcha control loop. Pali choyeza, pali chotumiza muyeso chotchedwa transmitter, pali controller yoyerekeza muyesowo ndi mulingo wofunidwa, ndipo pali valavu yochita zimene yauzidwa. Mulingo wofunidwawo ndi setpoint, pamene muyeso weniweni ndi process variable. Valavu ya mpira woyandama m'thanki ya madzi imachita zinayi zonsezi payokha: mpira umayeza madzi, kutalika kwa mkono wake ndiye mulingo wofunidwa, ndipo madzi akakwera, mkono umatseka polowera. Amene wamvetsa thanki imeneyi wamvetsa maziko a sayansi yonseyi.

Mbiri yake mwachidule

Mu 1788 James Watt adaika pa injini yake ya nthunzi timipira tiwiri tozungulira timene tinkachepetsa nthunzi injini ikathamanga kwambiri. Mu 1880 William Fisher wa ku Marshalltown m'dera la Iowa ku America adapanga chipangizo chosunga puresha ya pampu pa mulingo umodzi, ndipo kampani ya Fisher idayambira pamenepo. Mu 1922 Nicolas Minorsky adalemba masamu a kawongoleredwe ka sitima zapamadzi, amene ndi maziko a njira yotchedwa PID. Mu 1942 John Ziegler ndi Nathaniel Nichols adafalitsa malamulo osavuta otcherera controller yotere, ndipo akuphunzitsidwabe mpaka lero.

Pa nthawiyo uthenga wopita ku valavu unkayenda ndi mpweya m'timapaipi, pa puresha yoyambira 3 mpaka 15 psi. Kuchokera m'zaka za m'ma 1950 uthenga wamagetsi wa 4 mpaka 20 mA udayamba kulowa m'malo mwake. Kuyambira pa 4 m'malo mwa 0 kuli ndi zifukwa ziwiri. Waya akaduka, muyeso umagwa kufika pa 0 ndipo vuto limadziwika nthawi yomweyo. Komanso timagetsi tochepato timakwanira kuyendetsa chipangizo popanda kukoka waya wina.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kudabwera PLC, kompyuta yolimba ya m'fakitale. Mu 1975 makampani a Honeywell ndi Yokogawa adatulutsa DCS, makompyuta olumikizana oyendetsa fakitale yonse kuchokera m'chipinda chimodzi. M'zaka za m'ma 1980 kampani ya Rosemount idapanga HART, njira yotumizira mauthenga a kompyuta pa mawaya awiri omwe aja popanda kusokoneza 4 mpaka 20 mA. HART imagwiritsa ntchito timafunde tiwiri, ta 1,200 Hz ndi ta 2,200 Hz, toimira 1 ndi 0. Zimenezi zidatsegula njira yoti valavu izitha kuyankha, osati kungolamulidwa. Mu 1994 Fisher idatulutsa chipangizo chake cha FIELDVUE n'kuchitcha digital valve controller. Chaka chomwecho kudakhazikitsidwa bungwe la Fieldbus Foundation, lolimbikitsa njira yotumiza uthenga wonse mwa kompyuta yokha, yotchedwa fieldbus.

Mmene chipangizochi chimagwirira ntchito

Tiyerekeze kuti madzi a nzimbe akutenthetsedwa ndi nthunzi ndipo ayamba kuzizira. Controller ya m'chipinda cholamulira ikutumiza 12 mA, kutanthauza kuti valavu ya nthunzi itseguke theka. Kompyuta ya mu positioner imawerenga uthengawo, kenaka imaona pamene ndodo ili. Zipangizo zakale zimaona ndi kamkono kolumikizidwa ku ndodo. Zatsopano zambiri zimagwiritsa ntchito maginito womangidwa pa ndodo ndi kachoyeza kosakhudzana nawo, choncho palibe chokhulana n'kutha.

Ngati ndodo ili pa 40 peresenti pamene ikufunika pa 50, kompyuta imalamula kachiwalo kosandutsa uthenga wamagetsi kukhala puresha ya mpweya, kotchedwa I/P converter. Mpweya wake ndi wochepa, choncho chiwalo china chotchedwa relay chimauchulukitsa n'kuupititsa ku actuator. Ndodo ikafika pa 50, mpweya umaleka kuwonjezedwa. Ikapitirira, wina umatulutsidwa. Kuyerekeza kumeneku kumachitika kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Kuwonjezera apo, chipangizochi chimayeza puresha ya mpweya wolowa ndi wa mu actuator, chimawerenga kuti ndodo yatembenuka kangati ndipo yayenda mtunda wotani, n'kusunga zonsezo. Chimathanso kudzipezera chokha potsekera ndi potsegukira potheratu, ntchito imene kale inkafuna mmisiri kupotokola timasikuluwu kwa nthawi yaitali.

Mawu osiyanitsa lamulo, malo ndi kuyenda

Zinthu zitatu siziyenera kusokonezedwa: chimene valavu yauzidwa, pamene valavu yaima, ndi kuchuluka kwa zimene zikudutsa. Choyamba ndi input signal kapena travel setpoint. Chachiwiri ndi travel kapena position feedback. Chachitatu ndi flow, ndipo chimayezedwa ndi chipangizo china.

Ngozi ya pa 28 Marichi 1979 pa fakitale ya magetsi a nyukiliya ya Three Mile Island ku America imaonetsa kulemera kwa kusiyanaku. Valavu ina yotulutsira puresha idakanirira yotseguka. Nyali ya m'chipinda cholamulira inkangosonyeza kuti lamulo lotseka laperekedwa, osati kuti valavu yatsekekadi. Ogwira ntchito adakhulupirira nyaliyo, ndipo madzi oziziritsa adatayika kwa maola oposa awiri.

Kutseguka theka sikutanthauzanso kudutsa theka la madzi. Zimatengera kapangidwe ka chotsekera, kotchedwa flow characteristic. Mu valavu ya linear, madzi amawonjezeka molingana ndi kuyenda kwa ndodo. Mu ya equal percentage amawonjezeka pang'onopang'ono poyamba koma mofulumira chakumapeto. Mu ya quick opening ambiri amadutsa ndodo ikangosuntha pang'ono.

Kukula kwa valavu kumanenedwa ndi Cv kapena Kv. Kv ndi ma cubic metre a madzi odutsa pa ola limodzi pamene puresha ya mbali ziwiri yasiyana ndi 1 bar. Cv ndi magaloni a ku America pa mphindi imodzi pa kusiyana kwa 1 psi. Valavu ya Kv 100 ili ndi Cv pafupifupi 116, ndipo 1 bar ndi pafupifupi 14.5 psi. Popeza Malawi amagula makina ku South Africa, India, China, Ulaya ndi America, mmisiri amakumana ndi miyeso yonseyi m'fakitale imodzi.

Mawu onena za kulephera

Funso lofunika kuposa onse pa valavu iliyonse ndi lakuti: mpweya kapena magetsi akatha, idzaima pati? Valavu ya air-to-open imatsegulidwa ndi mpweya, choncho mpweya ukatha imatsekeka, ndipo imatchedwanso fail-closed. Ya air-to-close imatsekedwa ndi mpweya, ndiye mpweya ukatha imatseguka, imeneyo ndi fail-open. Palinso yongoima pamene inali, yotchedwa fail-in-place. Valavu yopereka mafuta ku moto wa boyila iyenera kutsekeka zinthu zikavuta. Yopereka madzi oziziritsa iyenera kutseguka. Chosankha zimenezi makamaka ndi masipuling'i a mu actuator, osati kompyuta. M'dziko limene magetsi amazimazima, ndipo kompuresa imazima nawo, mawu amenewa ndi nkhani ya moyo wa anthu.

Matenda a valavu alinso ndi mayina ake, ndipo dzina lililonse limaloza choyambitsa chosiyana. Deadband ndi pamene uthenga watembenuka koma valavu sinayambe kusuntha, kawirikawiri chifukwa zolumikizira zakhwepa. Hysteresis ndi pamene valavu imaima malo osiyana pa uthenga womwewo, kutengera ngati ikutseguka kapena ikutsekeka. Stiction ndi pamene ndodo imakakamira, mpweya n'kumawonjezeka, kenaka ndodo n'kulumpha kupitirira pofunika. Kawirikawiri zimachitika packing ikathinidwa kwambiri kapena ndodo ikachita dzimbiri. Hunting ndi kuyendayenda kwa valavu osakhazikika, ndipo kungachokere ku stiction kapena ku controller yotcheredwa molakwika. Cavitation ndi pamene puresha yagwa kwambiri m'kati mwa valavu mpaka madzi kupanga timathovu ta nthunzi timene timaphulika n'kumadya chitsulo. Imadziwika ndi phokoso la kuchekechera m'paipi.

Mmisiri amene pa zonsezi amangoti valavu yavuta amasintha chipangizo chabwinobwino n'kusiya vuto lenileni. Positioner ya kompyuta ingabise stiction kwa kanthawi pokankha mwamphamvu, koma singachotse dzimbiri pa ndodo. Ubwino wake ndi wakuti imajambula valve signature, mzere woonetsa puresha imene yafunika pa malo aliwonse a ndodo. Mzere wa lero ukayerekezedwa ndi wa tsiku limene valavu idaikidwa, kukhulana kowonjezeka ndi sipuling'i yofooka zimaoneka valavu isanamasulidwe.

Bungwe la NAMUR, limene lidayamba ku Germany mu 1949, lidaika mauthenga onse a zipangizo zotere m'magulu anayi m'chikalata chake cha NE 107. Failure, ya mtundu wofiira, ndiye kuti chipangizo chafa ndipo uthenga wake usakhulupiriridwe. Function check, ya mtundu wa lalanje, ndiye kuti wina akuchiyesa. Out of specification, yachikasu, ndiye kuti chikugwira ntchito kunja kwa malire ake. Maintenance required, yobiriwira ngati thambo, ndiye kuti chikugwirabe bwino koma chikufuna kukonzedwa posachedwa.

Chifukwa chiyani mayina ndi ambiri?

Mbali ina ya chisokonezo ndi yamalonda. Fisher, imene tsopano ili pansi pa Emerson, imati digital valve controller. Siemens imatcha SIPART PS2 yake positioner. Neles ya ku Finland imati intelligent valve controller, pamene Masoneilan imati Smart Valve Interface. Ntchito yaikulu ndi imodzi. Mabungwe oika miyezo adayesa kugwirizanitsa mawu kudzera mu IEC 60534-1 ndi ISA-75.05.01, koma mabuku a makampani amatsatabe chizolowezi chawo.

Liwu lakuti controller limasokoneza kwambiri ophunzira. Controller ya m'chipinda cholamulira imayang'anira kutentha, puresha kapena mulingo wa madzi. Digital valve controller imayang'anira malo a ndodo basi, kupatula m'mafakitale ena a fieldbus momwe masamu a PID amaikidwa mu chipangizo chomwecho. Chimodzimodzinso calibration, configuration ndi tuning ndi ntchito zitatu. Yoyamba ndi kuphunzitsa chipangizo pamene pali 0 ndi 100 peresenti. Yachiwiri ndi kuchiuza mtundu wa valavu imene chamangidwapo. Yachitatu ndi kutchera liwiro limene chiziyankhira.

Maganizo atatu pa chilankhulo

Gulu loyamba limati zonse ziphunzitsidwe m'Chingerezi chokha. Zifukwa zake n'zomveka. Zolembedwa pa chipangizo sizidzasintha, wogulitsa masipeya ku Johannesburg sadziwa Chichewa, ndipo mmisiri wodziwa mawu a dziko lonse angapeze ntchito ku Tete, ku Copperbelt kapena ku South Africa. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaikanso Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira m'sukulu. Chofooka cha ganizoli n'chakuti wophunzira angaloweze tanthauzo la hysteresis n'kukhoza mayeso, koma osaizindikira ataima pafupi ndi valavu yodwala.

Gulu lachiwiri limati tipeke mawu a Chichewa pa chinthu chilichonse. Limaloza ku Tanzania, kumene bungwe la BAKITA lakhala likupanga mawu a sayansi m'Chiswahili kuyambira 1967. Kuno kwathu ntchito yosamala chilankhulo inali m'manja mwa Chichewa Board kuyambira 1972, kenaka Centre for Language Studies ya ku Zomba kuyambira 1996. Ganizoli limalemekeza chilankhulo, koma lili ndi zovuta ziwiri. Mawu opekedwa mu ofesi safika msanga ku wekishopu. Komanso mawu athu a tsiku ndi tsiku amaphatikiza zinthu zimene umisiri umazilekanitsa. Liwu lakuti mphamvu timaligwiritsa ntchito ponena puresha, magetsi oyenda m'waya, kukankha kwa sipuling'i ndi nyonga ya injini. Liwu lakuti kutseka lingakhale kutseka kwa valavu yolamulidwa, kutseka kwadzidzidzi poteteza ngozi, kapena kutseka ndi loko kuti munthu alowe m'thanki. Control valve yotsekeka imatha kudonthabe pang'ono, ndipo miyezo imagawa kudontha kololedwa m'magulu kuyambira I mpaka VI. Munthu womasula paipi ya asidi atangouzidwa kuti tatseka ali pangozi.

Gulu lachitatu limati dzina libwerekedwe koma ntchito ifotokozedwe m'chilankhulo chathu. Umu ndi mmene amakaniko a m'magalaja achitira kwa zaka zambiri. Giya, buleki, kilatchi ndi pisitoni ndi mawu obwereka, koma mphunzitsi amalongosola m'Chichewa chimene chilichonse chimachita, wophunzira atachigwira m'manja. Njira imeneyi ndiyo yoyenera pa mavalavu. Dzina likhale limene lalembedwa pa chitsulo, kuti pasakhale kusokonekera poitanitsa katundu kapena powerenga chenjezo. Koma dzina lililonse likhale ndi chiganizo chimodzi chomveka cha Chichewa chonena choyambitsa, chizindikiro ndi chochita. Ku Phalombe, kumene ambiri ndi Alhomwe olankhula Chichewa tsiku ndi tsiku, palibe choletsa mphunzitsi kufotokozanso m'Chilhomwe ngati ndicho chikumveka bwino.

Zodziwika ndi zimene akadakanganirana

Pali mfundo zimene akatswiri sakangana. Positioner imathandiza valavu kuima molondola ngakhale pali kukhulana. Ya kompyuta imafulumira kutchera ndipo imaulula mavuto amene yakale sinkaona. Mpweya wonyowa, wamafuta kapena wafumbi ndi chimodzi mwa zinthu zofala zimene zimaononga zipangizozi, chifukwa timabowo ta m'kati n'tating'ono kwambiri. Valavu yokula mopitirira muyeso imagwira ntchito ili pafupi kutsekeka ndipo sikhazikika, kaya positioner yake ndi yodula motani.

Zokangana zilipo zingapo. Choyamba ndi phindu la kulosera matenda. Ogulitsa amati chipangizo chimachenjeza valavu isanafe, choncho fakitale siima mwadzidzidzi. Otsutsa amati m'mafakitale ambiri palibe amene amawerenga mauthengawo, ndipo chipangizo chodula chimangogwira ntchito ya chotchipa. Mbali zonse zikunena zoona, pakuti phindu lili mwa munthu wowerenga.

Chachiwiri ndi kusankha pakati pa 4 mpaka 20 mA yokhala ndi HART, ndi njira za fieldbus monga FOUNDATION Fieldbus ndi PROFIBUS PA. Fieldbus imachepetsa mawaya ndipo imanyamula uthenga wochuluka. Koma waya wa 4 mpaka 20 mA angayezedwe ndi mita wamba imene mmisiri aliyense ali nayo, n'chifukwa chake njira yakaleyi ikadali yofala kwambiri.

Chachitatu ndi kukonzeka. Positioner ya mpweya wokha imamasulidwa, kutsukidwa ndi kubwezeretsedwa pa tebulo. Ya kompyuta ikapsa ndi mphenzi imafuna chiwalo chatsopano chochokera kunja, pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa. Mapulogalamu ena oyezera amagwira bwino ndi zipangizo za kampani imodzi yokha, ndipo fakitale imapezeka yamangika kwa wogulitsa mmodzi.

Chachinayi ndi chitetezo cha makompyuta. Kulumikiza fakitale ku intaneti kumalola katswiri wakutali kuona vuto osakwera ndege. Koma pulogalamu yoononga ya Stuxnet, imene idadziwika mu 2010 itasokoneza makina a ku Natanz m'dziko la Iran, idaonetsa kuti makompyuta a m'fakitale angalowereredwe.

Chomaliza chikukhudza mapaipi a m'midzi. Kumeneko kulibe kompuresa, ndipo malo ambiri kulibe magetsi. Valavu ya manja yopakidwa girizi ndi ya mpira woyandama ndizo zoyenera. Nzeru zoyeza puresha ndi kuyenda kwa madzi n'zothandiza ku mabungwe a anthu ogwiritsa ntchito madzi, koma kugula digital valve controller pa paipi yotere n'kutaya ndalama.

Zoyenera kuchita

Wophunzira ayambe ndi masamu ndi sayansi ya magetsi, kenaka aphunzire kuwerenga chithunzi cha mapaipi chotchedwa P&ID. Pa chithunzicho chilembo choyamba chimanena choyezedwa: F ndi flow, L ndi mulingo wa m'thanki, P ndi puresha, T ndi kutentha. Choncho TV-101 ndi valavu yolamulira kutentha mu loop nambala 101. Pa valavu iliyonse azidzifunsa mafunso atatu: yauzidwa chiyani, yaima pati, ndipo mpweya ukatha ipita kuti? Asachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa adadya phula.

Sukulu za umisiri, kuyambira Naminjiwa Community Technical College ya ku Phalombe komweko mpaka MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo, zikufunika valavu yeniyeni, kompuresa yaing'ono ndi mita yotulutsa 4 mpaka 20 mA. Valavu yakale imene fakitale yataya ndi yokwanira pophunzitsira. Wophunzira akathina packing ndi manja ake n'kuona ndodo ikukakamira kenaka n'kulumpha, sadzaiwala stiction. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, lingathandize kulumikiza sukulu ndi mafakitale pa zimenezi.

Ogula makina aumirire kuti wogulitsa apereke mabuku onse, mapulogalamu oyezera, masipeya ndi maphunziro a amisiri a m'dziko muno, komanso kuti valve signature ya valavu iliyonse ijambulidwe pa tsiku loiika. Asamale kwambiri choumitsa ndi chosefa mpweya, ndiponso zoteteza ku mphenzi.

Akatswiri a chilankhulo, mainjiniya ndi amisiri okalamba pa ntchito akhale pamodzi n'kulemba kabuku kakang'ono ka mawu ofunika. Liwu lililonse likhale monga lilili pa chipangizo, lotsatiridwa ndi kufotokoza kwa Chichewa kumene kwayesedwa pa ophunzira enieni. Mawu okhudza ngozi, makamaka mitundu ya kutseka, ayambe ndiwo.

Kuphunzitsa mmisiri wa zipangizo zoyezera ndi zolamulira kumatenga zaka zingapo, pamene kampani yomanga fakitale sidikira. Ikapanda kupeza odziwa ntchito pafupi imawaitanitsa kunja, ndipo eni dera amatsala ndi ntchito yonyamula katundu ndi yaulonda. Ngati achinyamata a ku Migowi, Chiringa ndi Nambazo m'boma la Phalombe ati adzapeze ntchito za umisiri pa Songwe kapena m'mafakitale ena, maphunziro awo ayenera kuyamba fakitale isanamangidwe, ndipo ayenera kuperekedwa m'njira yoti wophunzira athe kuwerenga chenjezo la pa valavu m'Chingerezi n'kufotokozera mnzake m'Chichewa chimene chavuta ndi chochita.